Ukalamba Umene Burul Anadzisokera

Burul anayamba kuganizira za ukalamba wake akadali mtengwa m'mudzi wa kunsi kwa mapiri a At-Bashi, tsiku limene apongozi ake aakazi ananyamula mwana wake woyamba n'kulowa naye kuchipinda kwawo. Panalibe mkangano. Kwathu kuno mdzukulu woyamba ndi wa agogo. Akangosiya kuyamwa amapita kwa makolo a bambo ake, n'kumakula ngati mzime wawo, ndipo amene anamubereka amawatchula achimwene ndi alamu. Akakula ndiye amatsala pakhomo kusunga nkhalambazo, kuziika m'manda, nyumba n'kukhala yake.

Burul sanalire pamaso pa anthu. Analirira kukhola, nkhope ataitsamiritsa panthiti za ng'ombe imene ankakama. Apongozi ake, mayi wosachulutsa mawu, anamupeza komweko n'kumuuza kuti apukute misozi. Anati zimenezi n'zobwerekana, nayenso adzakalamba, nayenso adzalandira.

Mawu amenewo ndi amene anamuyendetsa zaka zonse. Mwanayo, Esen, anakulira m'nyumba yomweyo koma kutsidya kwa khoma. Akadwala, Burul ankaphika msuzi n'kuupereka pakhomo, womwetsa n'kukhala wina. Lero Esen ndi bambo wa imvi m'ndevu, amakhala m'nyumba yakale ija kumtunda kwa mudzi. Ndi munthu waulemu. Akapha nkhosa amabweretsa nyama, n'kuima pakhomo chipewa chili m'manja, kufunsa ngati alamu adzuka bwino. Burul amayankha kuti wadzuka bwino, n'kumuthirira tiyi.

Atamanga nyumba yawo kumunsi, iye ndi mwamuna wake Toktosun anabereka ana aakazi awiri, amene anakwatiwa kutali, ndi mnyamata, Kubat. Toktosun ankaweta mahatchi. Anamwalira chilimwe china kumsipu wa kumapiri, mtima unangoima ali pachishalo, hatchi n'kubwera naye pang'onopang'ono mpaka pakhomo pa hema. Kubat ndiye anayenera kutsala ndi amayi ake, koma m'mudzi munalibe chochita. Anapita kumzinda wa Bishkek, kumeneko n'kukwatira Meerim, mtsikana wosoka zovala, wolankhula motsitsa mawu.

Burul anatsala yekha ndi ntchito yake yosoka shirdaki, mphasa zathu za ubweya wa nkhosa. Ndi ntchito ya manja imene imasiya mutu wopanda chochita, ndipo mutu wa Burul unkapita kumodzimodzi. Ankasoka mphasa, m'mtima akusoka masiku amene anali kutsogolo.

Zonse anali atazikonza bwinobwino. Mwana woyamba wa Kubat adzagona kukhoma, pafupi ndi mbaula, iye kunja kuti asagwe. Akafika popita kusukulu, iye azidzaima pampanda kumuyang'ana mpaka atakhota pamlatho. Mawondo akadzakana, mwanayo ndiye azidzatunga madzi ndi kutsegulira nkhosa. Kenako adzabwera ndi mkazi, ndipo Burul anali atasankha kale chipinda chowapatsa, cha zenera loyang'ana kotulukira dzuwa. Iye azidzakhala kumalo a akulu, kutali ndi chitseko, kuswali atakhala pampando monga Mulungu amalolera ofooka, n'kumadandaula kuti tiyi wachepa mkaka. Tsiku lomaliza likadzakwana, padzakhala mwamuna wa pakhomo pake wotsogolera maliro, womutchula kuti amayi.

Zimenezi ankazifotokozera Zuura, mnzake wa kutsidya kwa msewu, wamasiye ngati iye yemwe, amene ana ake onse anali ku Rasha. Zuura ankaseka mpaka kutsokomola.

"Iwe nkhalamba, mwana sanabadwe wamukwatitsa kale? Mkaziyo wamupezanso? Ndi wonenepa kapena?"

"Ndi waulemu. Sali ngati anthu ena oyandikana nawo."

Mwana anabadwa, wamwamuna. Burul ndiye anamutcha dzina, Ermek. Pamene anatchula za mwambo uja pafoni, Kubat anavomera asanamalize n'komwe kulankhula. Anati zagwirizana bwino, chifukwa iye ndi Meerim ankafuna kupita ku Moscow kukagwira ntchito zaka zingapo, ndipo kumeneko si kopita ndi khanda. Burul anathokoza Mulungu. Za Meerim sanafunse, ndipo Kubat naye sanamutchule.

Makolowo anabwera naye Ermek pamene anayamba kuima yekha, kuti mwambo wodula chingwe uchitikire pakhomo pa agogo ake. Anapha nkhosa ziwiri, mudzi wonse unabwera. Anamanga miyendo ya Ermek ndi kachingwe ka ubweya woyera ndi wakuda, ana a m'mudzi n'kuthamanga kuchokera kumlatho, wofika poyamba n'kudula chingwecho. Mwanayo anayang'ana uku ndi uku, n'kuyamba dzandidzandi kulunjika kwa Meerim, amene anaima kumbuyo kwa anthu manja atawabisa m'malaya. Amayi a m'mudzi anaseka, anamugwira mapewa n'kumutembenuza, akumuuza kuti kumeneko n'kwa alamu ake, amayi ake ndi awa. Anagwera pamiyendo pa Burul. Anali wofunda, wolemera, ankanunkhira mkaka. Burul anamva ngati chinthu chimene anachisenza kuyambira utsikana wake chatula.

Alendo atachepa, Burul anazungulira kuseri kwa nyumba kukatenga madzi. Anapeza Meerim atanyonyomala akutsuka timbale ta tiyi. Pachifuwa anali atamanga mpango mothina, koma diresi linali litanyowa malo awiri. Mtsikanayo anafuna kuimirira, Burul n'kumuletsa ndi dzanja.

"Amayi," anatero Meerim osakweza maso, "mkakawu umasiya liti?"

Burul anatsegula pakamwa. Mawu a apongozi ake anali palilime penipeni, okonzeka, akuti zimenezi n'zobwerekana. Anayang'ana khosi lowonda la mtsikanayo, mawuwo n'kukana kutuluka.

"Umasiya, mwanawe," anatero. "Mkaka umasiya."

Anatenga ndowa yake n'kubwerera.

Tisabise, chisanu choyamba chija Burul anasangalala. Nyumba inadzaza. Panali matewera pachingwe, zikhatho za mafuta pagalasi la zenera, munthu womulankhula ngakhale samayankha zomveka. Akamaswali, Ermek ankakwera kumsana kwake, iye n'kuchedwa kuweramuka kuopa kumugwetsa. Mwanayo atayamba kulankhula anamutchula amayi, ndipo Burul sanamukonze. Ankamufunsa dala mafunso opanda pake kuti alimvenso liwulo.

Makolo a Ermek ankaimba foni ya kanema Lamlungu lililonse. Tsiku lina Zuura analipo, ananyamula Ermek n'kumuonetsa nkhope ya pafoniyo, akumuuza kuti apereke moni kwa alamu. Mwanayo anabwereza bwinobwino, onse n'kuseka. Meerim nayenso anaseka, atavala yunifolomu ya kumalo odyera kumene ankatsuka mbale. Kenako anati bwana akumuitana, foni n'kuduka. Burul anakudziwa kuseka kumeneko. Anali atakuseka yekha kwa zaka zambiri.

Masana a tsiku lomwelo Esen anabwera ndi mwendo wa nkhosa. Anapereka moni kwa alamu monga mwa masiku onse, anaponya Ermek m'mwamba, anamwa tiyi wake n'kutsanzika. Burul anamuperekeza ndi maso. Kuyenda kwake kunali kwa Toktosun, kupendekera kumanzere. Anali mwana wake, ndipo sanamulakwirepo kanthu, komabe pakati pawo panali mtunda umene ngakhale hatchi singauthe.

Pa swala ya madzulo Burul anakhalitsa pamkeka. Sanapemphe chizindikiro, chifukwa sanali munthu wovutitsa Mulungu ndi zotero. Anangomuuza kuti akuopa. Anati akuopa kudzagwa pa madzi oundana popanda womudzutsa, akuopa nyumba yopanda mawu, ndipo anadikira nthawi yaitali, moleza mtima, monga apongozi ake anamuuzira. Atamaliza anapinda mkeka, mantha aja akadali pomwepo.

M'mawa mwake, akumwetsa mwana phala, Ermek anamukoka mpango n'kumuitana amayi.

"Agogo," anatero Burul. "Ine ndine agogo. Nena."

Zinatenga miyezi. Mwanayo ankakana, nthawi zina ankalira, ankaganiza kuti akumukana. Burul anapachika chithunzi cha Meerim m'munsi pakhoma, pofika maso a mwana, ndipo foni ikalira ankamuuza kuti athamange, amayi ake akumufuna. Ulendo woyamba umene Ermek anamutchula kuti amayi pafoni, Meerim anatembenuza foni kuyang'anitsa kudenga. Kwa kanthawi Burul ankangoona babu la magetsi la ku Moscow.

Zuura sanasangalale nazo. Anamuuza kuti wapenga, kuti akudzikumbira yekha dzenje. Mwana wotchula agogo ndi mlendo, amadya n'kumapita. Nanga zaka zonse zija anavutikiranji? Amayi ena a m'mudzi nawonso ankanong'ona kuti Burul akuononga mwambo chifukwa choopa mtengwa wa m'tauni.

"Akadzamutenga utsala ndi chiyani?" anafunsa Zuura.

"Sindikudziwa."

"Ndiye ukuchitiranji?"

Burul anapitiriza kusoka.

Kubat ndi Meerim anabwerako Ermek atatsala pang'ono kuyamba sukulu. Anali atapeza zipinda ziwiri kumalire kwa Bishkek. Anafika ndi zikwama za mphatso, Kubat atanenepa, Meerim atawonderatu. Mwanayo anabisala kaye kumbuyo kwa diresi la Burul, koma dzuwa lisanapendeke anali atagwira Meerim dzanja, akumuonetsa nkhosa iliyonse ndi dzina lake.

Pa chakudya Kubat analankhula monga mwana woleredwa bwino. Anati iwo angobwera kudzaona, mwana ndi wa amayi monga anagwirizanirana, sukulu ya m'mudzi si yoipa. Ankanena zoona, sankayesa mtima wa munthu. Meerim ankathira tiyi atagwada pafupi ndi chitseko, maso ali pa ketulo, ndipo sanatayeko dontho ngakhale limodzi.

Burul anaona kuti palibe chimene akufunika kuchita. Akanangokhala chete, kapena kungogwedeza mutu, zonse zikanakhala monga anazikonzera: mpanda, mlatho, chipinda cha kotulukira dzuwa. Palibe akanamudzudzula. Mudzi wonse ukanati wachita bwino. Ananyema mkate, nauyang'ana, n'kuuika pansi.

"Zovala zake ndachapa kale," anatero. "Zili m'thumba kuseri kwa chitseko. Nsapato zachisanu mukamugulire zina, izi zamuthina."

Kubat anayamba kukana, akuti nanga anthu adzati chiyani, nanga amayi atsala ndi yani. Burul anamuuza kuti adye, nyama ikuzizira. Meerim anaika ketulo pansi, anakwawa ndi mawondo mpaka pamene panakhala apongozi ake, n'kuika chipumi padzanja lawo. Burul anamusisita tsitsi kamodzi, n'kumuuza kuti adzuke, tiyi wa mwamuna wake watha.

Ananyamuka patapita masiku ochepa. Ermek anali wokondwa ndi galimoto, ndipo anakumbukira kubayibitsa atafika kale pokhota.

Masiku otsatira Burul sanasoke. Ankayenda m'nyumba kuyang'ana zinthu ngati munthu wofuna kugula. Kenako anayamba ntchito. Anagulitsa ng'ombe ndi nkhosa zambiri, n'kutsala ndi zimene akanatha kudyetsa yekha. Anasamutsa ndowe zouma zokolezera moto kuchokera kuseri kwa khola n'kuziunjika pakhonde, zochepazochepa tsiku lililonse. Anakhoma misomali n'kumanga chingwe cholimba kuchokera pakhomo mpaka kukhola, chogwira pansi pakaterera. Mashelefu a m'mwamba anawatsitsa. Ankachita zonsezi mosathamanga, akuyesa chilichonse ndi thupi la mayi amene adzakhale zaka khumi zikubwerazo.

Chipale chofewa choyamba chitagwa pamapiri, anawoloka msewu. Anapeza Zuura akusenda mbatata, atakwiyabe.

"Wabwera kudzandiuza kuti ndinanena zoona?"

"Ndabwera ndi pempho. M'mawa uliwonse uziyang'ana padenga panga. Ukaona dzuwa latuluka koma kulibe utsi, ubwere."

Zuura anasiya mpeni.

"Nanga kukakhala kwanga kopanda utsi?"

"Ndibwera ine."

"Ubwere ndi mkate wotentha. Mwina ndidzakhala ndangogonereza, usadzandionongere tulo chabe."

Anagwirizana choncho. M'mawa mwake Burul ataswali anakoleza mbaula, n'kuponyamo ndowe yonyowa pang'ono kuti utsi uoneke bwino. Anapukuta nthunzi pagalasi ndi mkono n'kusuzumira kutsidya. Kwa Zuura kunkafuka. Anaima pomwepo mpaka madzi anawira.