Chitini cha Mkaka Chimene Chinapha Diso la Amayi

Diso lakumanzere la amayi anga linafa chifukwa cha ine. Kumudzi amati inali ngozi, koma ine ndikudziwa amene ananyamula ngoziyo m'chikwama kuchokera ku Moatize mpaka ku Zobue.

Malasha atatchuka ku Moatize, ndinapeza ntchito mu laboratoriyo ya kampani ina yokonza makina a pamgodi. Ndinkayeza ngati mu oyilo wa makamiyao, magalimoto akuluakulu onyamula katundu, mwalowa madzi. Tinkagwiritsa ntchito ufa wotuwa wotchedwa kasiyamu haidiraidi. Ukakhudza madzi umatentha, n'kutulutsa mpweya wa haidirojeni, umene suchedwa kuyaka. Izi ndinkazidziwa ngati dzina langa.

Pa nthawiyo ndinkapitirizanso maphunziro a kemisitiri, ndipo mutu wanga unali utatengeka ndi timiyala totchedwa perovisikaiti. Mkati mwake maatomu amakhala m'mizere ngati nyumba za ku Cateme, kumene anasamutsirako anthu a ku Mithete. Ukasakaniza ufa wa timiyalati ndi ufa wathu uja n'kuwotcha m'galasi lotseka, okisijeni wina amachoka, haidiraidi n'kukhala pamalo pake, ufa woyera n'kusanduka wabuluu wodera. Haidiraidi ndi haidirojeni amene wanyamula elekitironi yowonjezera. Sakhazikika. Kukatentha amadumphira pamalo oyandikana nawo, bola pakhale popanda mwini, kenaka pena, mpaka kudutsa mwala wonse. Ndinkalakalaka kuona buluu ameneyo ndi maso anga, kuti aphunzitsi anga adziwe kuti mwana wa mlimi wa ku Zobue si munthu wamba.

Inu owerenga, kudzimva ndi matenda. Ndinatapa ufa uja kuntchito osapempha, ndinauthira m'chitini cha mkaka wa ufa kuti alonda a pageti asandifunse, ndipo sindinalembepo kanthu. Ndinkati ndikasunge kwa amayi, kopanda ana, mpaka nditapeza ng'anjo yoyenera. Ndinakachiika pamwamba pa kabati osawauza, poti ndinkaona ngati mayi wosapita kusukulu sangamve za maelekitironi.

Kunali kumapeto kwa Okutobala. Kwathu Akatolika timalambula manda ndi kuwapaka njereza tsiku lokumbukira akufa lisanafike, ndipo manda a abambo amayi sankalola wina kuwakhudza. M'mawa mwake mwa tsiku limene ndinafika ndi chitinicho, ndili kuseri ndikuchapa, ndinamva amayi akunena mokondwa.

"Mwanangu, wachita bwino kukumbukira njereza ya abambo ako."

Ndisanaimirire n'komwe ndinamva kuthetheka ngati madzi agwera m'mafuta owira, kenaka phuu! Anali atakhuthulira chitini chonse m'ndowa ya madzi, pafupi ndi mbaula ya makala. Ndinawapeza ali chogwada, manja ali kumaso, nsidze zitapserera, phala loyera lili mbuu nkhope yonse. Sankalira. Ankangobwereza kuti sakuona, sakuona.

Mantha amene ndinamva tsiku lija sindinawamvepo. Mtsuko woyamba wa madzi unandipulumuka n'kusweka. Ndinawagoneka chagada, ndinawakanula zikope ndi zala, n'kumathira madzi osalekeza. Iwo ankandikankha, ine ndikupemphera Tikuoneni Maria osafika kumapeto. Woyendetsa kamiyao wina amene ankadikira mapepala pamalire anatichitira chifundo natinyamula. Njira yonse yotsika mapiri ndinkangoyang'ana maso awo otupa, ndikudzifunsa kuti ndidzawauza chiyani alongo anga ngati amayi sadzaonanso.

Kuchipatala dotolo anandifunsa kuti unali mankhwala anji. Ndikuchita manyazi kunena kuti ndinayamba ndaganiza za ntchito yanga, amayi akubuula pambali panga. Kenaka ndinaulula zonse. Anapulumutsa diso lakumanja, koma lakumanzere linachita ng'ala yoyera mpaka lero. Ntchito inatha, ndipo sindinadandaule.

Chimene chimandisowetsa mtendere n'chakuti amayi sanalakwitse kwenikweni. Ufa uja ukatha kulimbana ndi madzi, chotsala chimakhala njereza yeniyeni. Maso awo anaona bwino. Chimene sankadziwa ndi chimene ine ndinawabisira.

Abale anga amene mumagwira mankhwala m'migodi ndi m'masukulu, a kuntchito azitsala kuntchito. Musawathire m'chitini cha chakudya, musasiye chinthu chopanda dzina m'nyumba, ndipo musaderere munthu kuti sangamve. Mawu awiri okha, akuti musathiremo madzi, amayi akanawamva.

Buluu uja sindinamuone, ndipo sindimufunanso. Chaka chilichonse ndine ndimapaka manda a abambo. Amayi amakhala pamwala, atapendeketsa mutu kuti aone ndi diso lotsalalo, ndipo ndisanathire madzi m'ndowa amandifunsa motsitsa mawu ngati ndawerenga zimene zalembedwa pathumba.