Chitsekero cha alamu chinandilanda galimoto

Ndinagulitsa galimoto ya malemu bambo anga ilibe vuto lililonse, ndipo munthu amene anandipusitsayo ndinamuthokoza. Inu owerenga, sekani ngati mukufuna, koma chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Inali pikiapu yakale ya kabureta. Bambo ankanyamulira mbatatesi za alimi kuchokera kuminda kubwera kumsika wa Lichinga, ndipo atamwalira ndinapitiriza ine. Ana anga ankadya chifukwa cha matayala anayi amenewo. Woikonza anali alamu anga, amuna a achemwali anga, omwe ali ndi galaja ku Namacula. Kangapo konse anandipempha kuti ndiwagulitse, ine n'kumakana, pakuti bambo sanandisiyire china.

Tsiku lina alamuwo anabwera kwathu ku Assumane ndi mphatso, chitsekero cha thanki chatsopano, chonyezimira, chokhoma ndi kiyi. Anati akuba petulo achuluka. Chakale, chimene bambo anachimangirira kawaya kuti chisamagwe, anachiponya m'thumba nati akataya okha. Ine ndinawaphera nkhuku.

Sabata yomweyo galimoto inayamba kudwala. M'mawa inkalira bwinobwino, koma ikayenda kamtunda, makamaka pachitunda itasenza, inkatsokomola, kunjenjemera, n'kuzima. Ndikayang'ana m'kasefa ka petulo munkakhala mouma gwa, chonsecho m'thanki petulo alimo. Ndinasintha sefa. Ndinayamwa paipi mpaka kumeza petulo. Alamu anamasula kabureta n'kuitsuka, kenako anati pampu yatopa, tinaika ina. Palibe chinasintha.

Chinthu chimodzi ndinachiona ndithu. Ndikatsegula chitsekero kuti ndisuzumire, thanki inkapuma kuti fyuu, ndipo ndikaliza injini inkadzuka. Ndinawauza alamu, iwo osaphethira n'komwe.

"Kunyado, mlamu wanga, ndi kuzizira kwa kuno kumeneko, gazolina amatero," anatero. "Injini yatha iyi. Gulitsani isanasanduke khola la nkhuku."

Ndinawakhulupirira. Ndikanatsutsa bwanji makaniko, ine wongodziwa chiwongolero? Alimi anali atayamba kundithawa, atatopa ndi kukankha galimoto pamsewu m'malo mogulitsa mbatatesi zawo. Alamu anandipezera wogula, mlendo wina amene anati akungofuna zitsulo. Ndinasaina mapepala pamtengo wa mbuzi yofa yokha, ndipo anaikoka ndi chingwe pochoka. Ndinalira, sindibisa, alamu atandigwira paphewa.

Patapita miyezi iwiri, ndili panjinga yamoto ya mwini imene ndinayamba kunyamulira anthu, ndinamva kulira kwa injini kumene sindingakusokoneze ndi kwina. Inali galimoto ya bambo yomwe ija, yopakidwa utoto wobiriwira, matumba ali mpaka pamwamba, ikukwera chitunda osatsokomola ngakhale kamodzi. Itaima pamsika ndinapita kwa dalaivala, yemwe sankandidziwa, n'kumufunsa kuti anaikamo injini yanji.

Anaseka. "Injini yanji, baba? Patarau, bwana wanga, anangosintha tampa, chitsekero cha thanki, basi. Magalimoto akalewa amapumira pakabowo ka patampa. Mukaika yosaboola mpweya sulowa m'thanki, ndiye pampu imalephera kukoka gazolina."

Ndinamufunsa kuti bwana wakeyo ndani. Anatchula galaja ya ku Namacula. Ndinazungulira kumbali kwa galimoto, ndipo pathanki panali chitsekero cha bambo, kawaya kake kali pomwepo.

Wogula uja anali wongotumidwa ndi alamu. Akanandibera mlendo ndikanati ndi mmene dziko lilili. Koma uyu ndi munthu amene ananyamula nawo maliro a bambo, amene anadya nkhuku yanga n'kunyambita zala akudziwa chimene wakhoma pathanki panga. Nditawapitira, anangoti ndinagulitsa ndekha ndipo ndinasaina ndekha. Zimenezo ndi zoona, n'chifukwa chake zimapweteka. Achemwali anandigwira mwendo kuti ndisawapasulire banja, ine nkhaniyo ndinaisiya pomwepo. Mpaka lero galimotoyo ikandidutsa pamsewu ndimapsa mtima, ndipo dalaivala uja amandiimikira mkono.

Inu owerenga, galimoto yakale ikamazima petulo alimo, musathamangire kumasula kabureta. Tsegulani kaye chitsekero, mukamva thanki ikupuma yang'anani kabowo kake. Ndipo munthu amene wakhala akusirira chinthu chanu asakhale yemweyo wokuuzani kuti chafa. Kafunseni kwina, ngakhale iye akhale mbale wodya naye mbale imodzi. Galimoto ija inkandiuza zoona tsiku ndi tsiku, ine ndinasankha kumvera alamu.

Kiyi wa chitsekero chonyezimira chija ndikadali naye. Ndinaiwala kumupereka kwa wogula, ndipo palibe anabwera kudzamufunsa. Ndiye kuti kiyi wachiwiri anali m'thumba mwa alamu kuyambira tsiku la nkhuku lija.