Mpope Watsopano wa Mfuti ya Amuna Anga

Amuna anga ankachita geni ya ng'ombe. Ankagula kwa alimi a ku Mtakataka ndi m'midzi ya kunsi kwa njanji, n'kuzikusa mpaka pa Golomoti, pamene ogulitsa nyama ochokera kumtunda ankafikira ndi malole. Nthawi zambiri ankayenda okha m'tchire la milambe ndi mitsinje youma, iwo ndi ng'ombe zawo basi. Matipate atangoyamba, kuba ng'ombe kunachuluka kwathu kuno, ndipo anzawo ena anakumana ndi zikwanje panjira.

Mfuti anali nayo kale. Inali yaing'ono, yokwana m'dzanja, imene malume awo, msilikali wopuma, anawasiyira pomwalira. Anakaisinthitsa dzina kupolisi, ndipo laisensi sankaiphonya chaka chilichonse. Poyamba inkangokhala m'bokosi lokhoma kunsi kwa bedi. Zinthu zitavuta, anandipempha kuti ndiwasokere thumba mkati mwa jekete yawo ya khaki, kumanzere, pansi pa khwapa. Ndinasoka ndi chidutswa cha tenti kuti lisabooke. Jekete imeneyo ankaivala ngakhale mu Okutobala, ndipo pamsika anthu ankawaseka kuti ali ndi malungo osatha. Odziwa chifukwa chake tinali ine ndi mlongo wanga wamkulu basi.

Vuto linadza ndi zipolopolo. Zimene malume anasiya zinali zakalekale, zina zitamera dzimbiri lobiriwira. Tsiku lina amuna anga anakayesa pachulu cha kumunda kwathu, mfuti inangoti tepu, osalira. Anayesa china, chimodzimodzi. Sabata yotsatira anakwera basi kupita ku Blantyre, kusitolo yololedwa kugulitsa mfuti, n'kubwerako chimanjamanja.

"Akuti zipolopolo za saizi imeneyi anasiya kuitanitsa kalekale," anandiuza akuvula nsapato pakhonde. "Mfuti yanga yatsala yokha m'dziko muno, ngati nkhalamba yoferedwa anzake."

"Nanga bwanji osangogula ina, bambo?"

"Ina ndi nkhani yaitali, mayi. Komanso iyi ndi ya malume. Mmisiri wa pasitolopo waiona, akuti thupi lake lili bwinobwino. Akuti atha kuchotsa mpope n'kuikamo wina wolowa zipolopolo zocheperako, zimene zimapezeka."

Mpope ndiye kachitsulo kobooka kamene chipolopolo chimadutsamo. Ine ndinkaganiza kuti mfuti ndi chitsulo chimodzi ngati khasu, osadziwa kuti imamasuka ngati makina anga osokera.

Mlongo wanga atamva, anaseka kwambiri. Iye ndi munthu wa njira zachidule chibadwire.

"Alamu, mukavutikirenji mpaka ku Blantyre? Pamsika pompa pali wowotcherera zitsulo, amakonza ngolo ndi mapulawo. Mupatseni, akusulirani kapaipi madzulo omwe ano."

Amuna anga anamaliza kaye kusenda nzimbe imene anali nayo m'manja.

"Alamu, kwathu kunali mkulu wina amene anadzisulira yekha gogodera ndi paipi ya madzi. Anapha nayo nguluwe zingapo, anthu n'kumamutama. Tsiku lina inamuphulikira m'manja. Ndinamuona akuphunzira kumanga mabatani a malaya ndi chala chachikulu ndi kachala kakumapeto. Ine zala zanga ndikuzifuna zonse."

Mlongo wanga sanabwerezenso nkhaniyo.

Njira yolongosoka inatenga nthawi. Wapolisi wa kwathu kuno ananena poyera kuti pempho lotere anali asanalimvepo, choncho anawatumiza kuboma ku Dedza. Anakwera msewu wa m'phiri wa Khwekhwerere kangapo, kubwerera atatopa, fumbi lili mbuu m'tsitsi. Chilolezo chitatuluka anakasiya mfuti kusitolo kuja, chifukwa mpope woyenera unayenera kuchokera kunja kwa dziko. Mvula yoyamba inagwa mfuti ili komweko, tinabzala, tinapalira, chimanga mpaka kumasula.

Miyezi imeneyo ndimaikumbuka bwino. Popeza analibe chodzitetezera, amuna anga anayamba kuyenda pamodzi ndi anzawo a geni yomweyo, kusakaniza ng'ombe panjira n'kukazilekanitsa pamsika. Ankabwera ndi nkhani zambiri, za amene anagwa mumtsinje, za ng'ombe imene inathamangitsa m'busa wa mpingo panjinga. Anali munthu wosalankhulalankhula, koma chaka chimenecho nyumba yathu inamva kuseka kwawo. Jekete sanaisiye. Dzanja lawo linkapitabe lokha pansi pa khwapa akamva phokoso lachilendo. Tsiku lina pochapa ndinapeza m'thumba lija muli chinangwa chootcha.

"Ichi ndiye chida chanu tsopano?" ndinawafunsa.

"Chimandipulumutsa kuposa mfuti, mayi. Njala imandipeza tsiku lililonse, akuba sanandipezepo."

Mfuti inabwera titayamba kudya dowe. Kunja inali yomweyija, chogwirira chake chothetheka pamene chala cha malume chinkakhala. Chosintha chinali mkati: mpope wonyezimira, sipuling'i yatsopano, ndi kabokosi kena kolowetsamo zipolopolo. Zipolopolozo anaziyala pamphasa pafupi ndi zakale zija, ndipo zinkaoneka ngati ana a zakalezo.

Wapolisi uja anabwera panjinga kudzaiona ndi kuilemba. Tinapita naye kuchulu cha kumunda, amuna anga n'kuimika chitini chakale cha mafuta patsinde pake. Ine ndinaima kutali, zala zili m'makutu. Mfuti inalira, koma osati monga ndinkayembekezera. Yakale ija inkagunda mpaka pachifuwa. Iyi inangoti phaa, mwachidule. Chitini sichinagwedezeke. Dothi linafumbuka m'munsi mwake.

"Ikulira ngati mbuzi yotsokomola," anatero amuna anga, nkhope itagwa.

"Mwazolowera yokankha kwambiri, achikulire," anatero wapolisiyo. "Mukuikanikiza pansi isanalire, kudikira kuti ikumenyeni. Iyi siimenya. Ilekeni ichite yokha."

Masabata otsatira ankapita kuchulu Loweruka m'mawa, atauza kaye oyandikana nawo munda kuti asadabwe. Sankaombera zambiri. Pang'ono ndi pang'ono chitini chinayamba kubooka, komabe mtima wawo sunakhazikike. Ankati kachipolopolo kotere sikangaimitse ngakhale nkhuku, ndipo mwina anawononga mfuti ya malume pachabe.

Chaka chomwecho, titakolola, kunabuka chiwewe. Masana ena ndinali pamjigo ndi amayi anzanga, zidebe zili pamzere. Galu wofiira, wosadziwika mwini wake, anatulukira m'mapesi akuyenda mopepesuka, dovu lili chuchuchu kukamwa. Tisanazindikire, analumphira mayi wina wachikulire woyandikana nafe nyumba, amene anali atawerama kutsuka ndowa, n'kumuluma pakatumba ka mwendo. Tonse tinabalalika tikukuwa. Ine ndinakwera pachipupa cha pochapira, chitenje chili m'manja. Galuyo anasiya mayiyo n'kuyamba kuluma chidebe, kenako anatembenukira njira ya kusukulu, kumene ana anali atatsala pang'ono kuweruka.

Amuna anga anali kukhola, pafupi pomwepo. Anabwera akuthamanga, koma atayandikira anayamba kuyenda pang'onopang'ono. Anazungulira mpaka pamene kumbuyo kwa galuyo kunali chulu, osati nyumba kapena anthu.

"Aliyense akhale pomwe alipo!" anakuwa.

Galu anawaona n'kuwalunjika. Ndinaona dzanja likulowa m'jekete, ndinamva phaa, galu anagwa chammbali n'kuyesa kudzuka. Inaliranso, ndipo anangoti zii.

Amuna anga anabweza mfuti m'thumba, n'kukhala pansi pasimenti yonyowa ya pamjigo. Ndinawamwetsa madzi ine. Anthu amene ankawaseka za malungo aja anangoima n'kumayang'ana jekete.

Mayi wolumidwayo tinamutsuka bala ndi sopo pomwepo, madzi akutuluka pamjigo, ndipo mlongo wanga anamukweza panjinga mpaka kumsewu, n'kumuperekeza pa minibasi kupita kuchipatala cha ku Mua. Amuna anga anapita kupolisi kukanena kuti aombera, ndipo alangizi a ziweto anabwera kudzatenga galuyo. Madzulo ake amuna anga sanadye kwambiri. Anangoti, "Ndinali ndisanaphepo chinthu chondiyang'ana m'maso ndi mfuti imeneyi."

Mayi uja ankapita ku Mua kukabayitsa jakisoni pa masiku amene anamuuza, ndipo ine ndinkamutungira madzi mpaka mwendo unapola. Atachira anabwera kwathu atasenza lichero la mtedza wosenda kale. Amuna anga anakana, amvekere iwo sanachite kanthu, galuyo anali atamuluma kale.

"Si wanu mtedzawu," anatero mayiyo akutula lichero. "Ndabweretsera amene ankanditungira madzi. Inu mungolawako."

Anakhala nafe pakhonde mpaka dzuwa kupendeka, tikukazinga mtedzawo, iye akutisimbira za anamwino a ku Mua ndi mmene anaopera jakisoni woyamba kuposa galu yemwe.