Zidebe za Amayi a Chipinda Chakumapeto

Amayi a chipinda chakumapeto, m'nyumba yogona antchito ku DIP, dera la mafakitale kudziko la Aluya, akalowa pakhomo panu sankayamba ndi moni. Ankayamba ayang'ana kudenga, khosi m'mwamba ngati nkhuku yomwa madzi. Ankafuna aone timipopi tija tothira madzi moto ukabuka. "Moto sufunsa viza, ana inu," ankatero, kenako ndiye "mwadzuka bwanji."

M'nyumbamo anthu amagona mothithikana, sitovu pafupi ndi matiresi, koma timipopi tonse tinamatidwa penti kalekale. Amayiwa anagogoda chitseko ndi chitseko mpaka onse, Amalawi, Azambia ndi Apakisitani omwe, anagwirizana zoitana pulambala. Bwana woyang'anira nyumbayo anakaniratu. "Khalas, basi! Za kudenga amalamula ndi akulikulu la kampani. Inu musakhudzeko."

"Nanga pansi amalamula ndani, bwana?" anafunsa amayiwa.

"Pansi ndi panu."

M'mawa mwake, pansi pa kampopi kalikonse panali chidebe chodzaza madzi, kolido yonse mbwee! Masana bwana uja anatulukira ndi alendo ofuna kuchita lendi zipinda za antchito awo. Mmodzi anapunthwa, nsapato n'kunyowa, ndipo anafunsa kuti zidebezo n'zachiyani.

"Ndi zozimitsira moto zathu, habibi, wokondedwa wanga," anayankha amayiwa akumwetulira. "Zakumwambazo n'zokongoletsa chabe."

Alendowo anabwerera kugalimoto osatsanzika. Sabata isanathe, akulikulu aja anatumiza amisiri, ndipo timipopi tatsopano tinali waliwali kudenga.

Masiku ano amayiwa amayamba ndi moni. Koma musanamizike: dzanja lili m'dzanja lanu, maso ali kudenga.