Lamulo Lachinayi la a Boaz Mbewe

A Boaz Mbewe anali munthu wa kope. Amuna anzawo ankayenda ndi ndodo kapena kaliwo, koma iwo ankayenda ndi kope lachikuto chofiira m'thumba la jekete, ngakhale popita kokathirira anyezi. Anaphunzitsapo pa sukulu ya mishoni ku Madzimoyo mpaka mawu anawasasa, ndiye anabwera kuno ku Fort Jameson n'kuyamba dimba m'mbali mwa mtsinje wa Lunkhwakwa. Tinalipo mabanja makumi awiri ndi awiri, tonse ogulitsa kabichi ndi matimati kwa Amwenye a m'masitolo ndi kwa makhuki a azungu, tonse othirira ngalande imodzi. Kukangana pa madzi kunali kwa tsiku ndi tsiku, ndipo ine Ketilina sindinkachepa nawo pakamwa.

M'chaka cha 1932 a Boaz anatisonkhanitsa pansi pa mkuyu n'kutiuza kuti tipange bungwe lokhala ndi malamulo olembedwa. Tinawaseka. Kabichi n'kufuna malamulo? Koma tinakambirana Loweruka atatu, ndipo zimene tinagwirizana anazilemba m'kope muja, malamulo khumi. Wapampando azisankhidwa chaka ndi chaka. Wapampando nayenso azidikira tsiku lake la madzi. Nkhani yaikulu iziweruzidwa ndi njere za chimanga: aliyense apatsidwe yoyera yovomera ndi yofiira yokana, aponye imodzi m'chipanda chofunditsidwa nsalu, mnzake asaone. Ndipo lachinayi linkati munthu asachotsedwe m'bungwe asanadziyankhulire yekha pamaso pa onse.

Tinasankha iwo omwe kukhala pampando. Msonkhano uliwonse ankayamba n'kuwerenga malamulo onse khumi, mpaka tinawaloweza ngati katekisimu. Tsiku lina anasokoneza masiku n'kutsegulira madzi dimba lawo pa tsiku la wina. Palibe anadandaula, koma anadzipatsa okha chilango cholembedwa m'kopemo, kuchotsa matope m'ngalande yonse. Tinawaona ali mbuu ndi matope mpaka m'ndevu, ndipo kuyambira pamenepo kope lija tinaliopa.

Kenaka kunabwera anthu a mchape, mu 1934, anyamata ovala masuti, atanyamula kalilole ndi mabotolo a mankhwala ofiira, akuti akutsuka dziko ku ufiti. Chaka chimenecho chikuku chinali chitatenga ana anayi kumadimba kwathu, ndipo wanga wachiwiri anali gone. Mmodzi wa anyamatawo anayang'ana m'kalilole n'kunena kuti pali mayi wina wokhala pamutu pa madzi amene wathawa kumwa mankhwala.

Pamutu pa ngalande panali dimba la Lusiya, mayi wamasiye wa mwana mmodzi, wosalankhulalankhula, amene kabichi wake ankaposa wa tonse. Sabata imeneyo anali kumudzi kukadwazika mchemwali wake. Tonse tinkadziwa zimenezo.

Loweruka a Gabrieli, amene dimba lawo linagundana ndi la Lusiya, anaimirira n'kunena kuti mayiyo achotsedwe tsiku lomwelo. A Boaz anatulutsa kope n'kunena kuti timudikire. Anthu anabangula. A Gabrieli anati bungwe ndi anthu, si pepala, ndipo ngati anthu onse afuna chinthu, mphunzitsi ndani kuti akane? Anatinso chipanda chikhale pambali, aliyense akweze dzanja poyera, tione amene akuikira kumbuyo mfiti.

A Boaz anayang'ana kope, anayang'ana ife. Pambuyo pake ankanena kuti anadziuza mumtima kuti ochuluka ndiwo lamulo. Anabweza kope m'thumba.

Ndinakweza dzanja. Apongozi anga anali pambali panga akundiyang'ana, mwana wanga ali kutentha thupi kunyumba, ndipo ndinachita mantha. Sindinakhulupirire ngakhale pang'ono kuti Lusiya ndi mfiti. Manja onse anali m'mwamba, ndipo a Boaz anawawerenga mokweza ndi mawu awo osasa aja.

Lusiya anabwera Lachitatu n'kupeza ngalande yake yatsekedwa ndi miyala. Ndinali pa dimba la a Boaz kukapempha mbewu ya mpiru pamene anafika, mwana wake atamugwira dzanja. Anagwada mwaulemu.

"Aphunzitsi, tandiwerengereni lachinayi."

A Boaz anagwira thumba la jekete, koma kope silinatuluke.

"Chabwino," anatero Lusiya. "Ine kuwerenga sindidziwa, koma munatiphunzitsa bwino." Ndipo analinena lonse, mawu ndi mawu, osaphonya. Anadzuka, n'kusasa fumbi m'maondo, n'kumapita. Ine sanandiyang'ane n'komwe.

Loweruka lotsatira a Boaz anabwera ndi chipanda. Sanapemphe chilolezo kwa munthu. Anati chigamulo chija sichinali chigamulo, pakuti chinaswa malamulo awiri, ndipo wowaswa woyamba anali iwo. Anatigawira njere, yoyera yoti Lusiya achotsedwe, yofiira yoti akhale, tinaponya mmodzimmodzi pansi pa nsalu. Atakhuthula pa lichero, zoyera zinali zitatu zokha. Zina zonse zinali zofiira. Pamenepo tinazindikira kuti tinachotsa munthu amene pafupifupi tonse sitinkafuna kumuchotsa. Aliyense ankaopa mnzake, mnzakeyo akuopa iye.

Tinathamangira kunyumba kwa Lusiya. Chitseko chinali pululu. Anali atanyamuka Lachisanu m'mawa, kulowera ku malire a Nyasaland. A Boaz anapalasa njinga masiku atatu kumufunafuna, osamupeza.

Anatula pansi udindo tsiku lomwe anabwerako, ndipo ngakhale tinawasankhanso kawiri, anakana. Anapempha chinthu chimodzi, ndipo tinachivomera ndi njere: dimba la Lusiya lisalimidwe ndi wina, ndipo pa msonkhano uliwonse, likawerengedwa lachinayi, dzina lake liitanidwe. Ankaliitana okha. Akatero tinkadikira kanthawi, kumangomveka madzi m'ngalande. Obwera kumene ankayesa mwambo wa tchalitchi. Ine kanthawi kameneko ndinkadana nako, chifukwa dzanja langa lamanja linkalemera ngati ndanyamula mtsuko.

Zaka khumi ndi zisanu zinapita motero. Nkhondo inabwera n'kutha, a Gabrieli anamwalira, dimba lija linamera bango. Mu 1949 mvula inakana kutsidya kwa malire, ndipo anthu ankabwera kudzasuma chakudya. Mmodzi mwa iwo anali mwamuna wowonda dzina lake Matiyasi, amene anaima pamutu pa ngalande nthawi yaitali. Anali mwana wa Lusiya. Anatiuza kuti mayi ake anamwalira kalekale, patangopita zaka ziwiri chichokereni kuno.

Tinamubwezera dimba, njere zonse zofiira ndi zoyera zisanafike n'komwe m'manja, koma a Boaz anatikakamiza kuti tiponyebe m'chipanda. Titatha, anamufunsa mnyamatayo ngati mayi ake ananenapo zimene akanatiuza tsiku lija.

"Ankangoti, 'Ndinali nawo mawu anga,'" anayankha Matiyasi. "Ndikawafunsa kuti mawu otani, ankati si oti andiuze ine, ndi a bungwe."

Loweruka lotsatira a Boaz anawerenga lachinayi, n'kuitana Lusiya monga mwa masiku onse, mwana wake ali pomwepo. Tinadikira. Tsiku limenelo a Boaz sanapitirize ku lamulo lachisanu.