Kawotchi ka Batire m'Galimoto ya Mayi Singano

Mayi Singano anali telala. Dzinalo anawapatsa ndi makasitomala chifukwa singano sinkachoka pakolala ya bulauzi yawo. Ankasokera m'kachipinda kakutsogolo kwa nyumba. Kuseri, pansi pa shedi ya malata, kunkakhala galimoto yobiriwira imene malemu amuna awo anasiya. Inali yakalekale, magiya ake apachiwongolero, ndipo mipando itang'ambika mayiwo anaisoka okha ndi ulusi wa nsapato.

Anaphunzira kuyendetsa ali kale ndi zidzukulu. Ana awo akamati aigulitse, iwo ankangoseka n'kupitiriza kupalasa makina.

Vuto la galimotoyo linali kufa mosatsanzika. Lero ilira bwinobwino, mawa mukapotoza kiyi ingoti kete, basi. Tsiku lina inawafera pakhomo pa sitolo ya nsalu mpaka ogulitsa anatuluka kudzaikankha, mayiwo ali pachiwongolero, manyazi atawagwira.

Anaitana mlamu wawo, mng'ono wa malemu, amene ankakonza zamagetsi a galimoto.

"Alamu, galimotoyi sikudwala," anatero bamboyo ataiyang'ana. "Kungoti batire limatha inu osadziwa. Tiikemo volitimita, kawotchi koonetsa mphamvu ya batire. Singano ikamatsika muzidziwiratu."

"Muika pati?"

Mlamuyo analoza thabwa losalala la kutsogolo kwa chiwongolero. "Ndiboola apa."

"Muboola chiyani? Thabwa limeneli achimwene anu ankalipukuta ndi mpango wawo wam'thumba. Iyayi, pezani pena."

Bamboyo anakanda mutu. Mayiwo analowa m'nyumba n'kutuluka ndi kachitsulo kophwatalala kochokera ku makina osokera amene anafa kalekale. Mlamuyo anakatembenuza, n'kuvomera ndi mutu. Anakapinda, n'kukamangirira pansi pa thabwalo pa sikuluwu imene inalipo kale.

M'mawa mwake anabwera ndi kawotchiko. Anagona chagada pansi pa chiwongolero, miyendo ili panja, mayiwo akumupatsira pulayala ndi tepi. Waya wina anaulumikiza kuseri kwa kiyi kudzera pa fyuzi, kuti kawotchi kazigwira ntchito kiyi ikayatsidwa basi. Winayo anaumanga pachitsulo cha galimoto.

"Tapotozani."

Singano inanjenjemera n'kubwerera m'mbuyo mpaka kukagunda pothera.

"Nanga ikuthawa bwanji?" anafunsa mayiwo. "Kapena yamva kuti singano ilipo kale pakhomo pano?"

Mlamuyo anaseka mpaka kugunda mutu pachiwongolero. "Ndalakwitsa ndine. Galimoto za nthawi imeneyo zili ndi makani awoawo. Waya wa pulasi ndiye amagwira chitsulo, osati wa mainasi ngati za masiku ano. Achimwene ankanena kawirikawiri, koma manjawa azolowera zatsopano."

Anasinthanitsa mawaya. Singano inadzuka n'kuima pa sikisi, mphamvu yonse ya batire la galimoto zakalezo. Atailiza injini, mlamuyo anayang'anitsitsa kawotchiko, nkhope itasintha.

"Imayenera kukwerako. Ikangokhala pomwepo ndiye kuti batire silikulandira kanthu."

Anatsegula boneti n'kudina ndi chala lamba amene amazunguza dayinamo yotchaja batire. Lambayo anali wokhwepa ngati lasitiki wa siketi yakale.

"Wakuba wanu ndi uyu," anatero.

"Mukanandipatsa ndimubweze pamakina," anatero mayiwo.

Mlamuyo anakunga lambayo ndi sipanala, ndipo singano inakwera pang'onopang'ono n'kukhazikika pa seveni. Mayi Singano anakhala pampando akungoyang'ana kawotchiko, injini ikugunda modekha.

Loweruka lotsatira ananyamula mayi wina woyandikana naye nyumba amene ankapita kumsika. Mnzawoyo anawerama n'kusuzumira pansi pa thabwa.

"Anzanga, wotchi yanuyi ikunama. Ikuti seveni koloko, dzuwa lili pamutu chonchi?"

"Isiyeni," anayankha Mayi Singano uku akusintha giya. "Ikadzangoti faifi, mudzatsike mudzakankhe."