Limba la Kuseri kwa Sitolo

Chipinda chathu sichinali chathu. Chinali kuseri kwa sitolo ya nsalu ku Limbe, pakati pa nyumba ya katundu ndi ngalande, ndipo tinkagonamo pa chifukwa chimodzi chokha: abambo ankasamalira limba la amayi ake a mwini sitolo. Limba likamalira bwino, ife tinali ndi denga.

Ntchito ya malimba abambo anaiphunzira ku mishoni ali mnyamata. Ankapalasa njinga mpaka ku Naperi ndi ku Blantyre kukakonza malimba opondera a m'matchalitchi, omwe makoswe anadya mivukuto yake. Ine ntchitoyo ndinkadana nayo. Guluu wa zikopa amanunkha ngati galu wakufa, ndipo akuluakulu a mpingo ankawathokoza abambo ndi tiyi wozizira. Ndinkafuna ukalaliki wa ku njanji. Koma anandichotsa sukulu ndili Sitandade 5 chifukwa ndinayankha mphunzitsi, ndipo m'masiku a Chitaganya wopanda setifiketi ankathera pa geti la ofesi. Ndinangokhala wonyamulira abambo zitsulo, ndikuona zochita zawo ndi diso limodzi.

Kenako abambo anagwa akusamba. Mkono ndi mwendo wakumanja zinafa, pakamwa panapotoka, mawu anatha. Chinawatsalira ndi kalimba kawo kopondera, komwe tchalitchi china chinataya iwo n'kukaukitsa pang'onopang'ono. Lamulungu masana amayi ankagwada n'kumakankha zoponderazo ndi manja, abambo akusindikiza makiyi ndi dzanja lamanzere. Nyimbo yake inkatsimphina, koma nthawi imeneyo yokha ndi pomwe nkhope yawo inkaoneka ya munthu.

Mwini sitolo anabwera m'mawa wina n'kuima pakhomo. Anali mmwenye wobadwira konkuno, Chinyanja ankachidziwa kuposa ine.

"Amayi, limba lafa," anatero. "Chikondwerero chathu cha nyali chayandikira. Mdalayu sadzuka, tisanamizane. Ndipo mabelo a nsalu akubwera pa sitima, ndilibe powaika."

Amayi anagwada. "Bwana, mwanayu akonza."

"Ine?" ndinatero.

"Iwe amene. Pali mwana wina muno?"

Mwini sitolo anandiyang'ana kuyambira kumapazi. "Likalira, khalani. Likapanda kulira, musandide."

Kopita kunalibe. Agogo anga anathawa kwa Apwitikizi atanyamula mphasa basi, ndipo munda wathu m'dziko muno sunakhaleko. Amalume anali pa esiteti ya tiyi ku Thyolo, komwe nyumba amapatsa munthu wogwira khasu. Munthu wofa ziwalo ndani akanamulandira? Ndinkangoganiza zowanyamula abambo pa chitseko kukakwera lole.

Limbalo analitsitsa antchito a m'sitolo. Ndinali ndisanaligwirepo, chifukwa abambo ankalikonzera m'nyumba ya pamwamba pa sitolo, komwe ine sindinkaloledwa. Linali kabokosi chabe, lopanda zopondera. Woliza amakhala pansi, dzanja lina likupopa mvukuto kumbuyo, lina lili pa makiyi. Kutsogolo kwake kunali timitu tokoka.

Mvukuto sunandivute. Mphemvu zinali zitadya m'makona, ndinamata ndi chikopa cha mbuzi, fungo lija n'kudzaza chipinda. Vuto linali m'kati. Limba lililonse limalira ndi timalilime ta mkuwa, kiyi iliyonse ndi lilime lake, ndipo lilime la kiyi ina ya pakati linali litang'ambika. Popanda kiyi imeneyo palibe nyimbo ingayende.

Ndinapezanso china. Nditakoka kamutu kamodzi n'kupopa, limba linayamba kulira lokha, mawu amodzi otsika, osalekeza, ine osakhudza kiyi. Matenda amenewo ndinkawadziwa. M'tchalitchi limba likayamba kulira lokha, kwaya imasokonekera, abusa amatuma munthu kukaitana abambo msangamsanga. Nditatsegula ndinaona kuti lilime lolirali linali lokha pambali, lopanda kiyi yake nkomwe. Ndinaseka. Lilime lopanda ntchito, losokosera, ndipo ine ndikusowa lilime. Ndinalimasula n'kutenga tupa.

Lilime ukalipala kunsonga mawu amakwera, ukalipala kutsinde amatsika. Zimenezo ndinkazidziwa. Nditangoyamba kupala kunsonga, abambo anamenya bedi ndi dzanja lawo lamoyo. Anamenyanso. Kenako anayamba kubuula, mmmm, mawu amodzi aatali, maso ali pa ine.

"Chiyani?" ndinafunsa. Anangopitiriza.

"Ababa, ngati mukudziwa, dzukani mukonze nokha!"

"Iwe!" amayi anakuwa ali panja. "Amenewo ndi bambo ako. Pakamwa pakopo ndi pomwe panakuchotsetsa sukulu."

Ndinatulutsa ntchito yanga panja, pafupi ndi ngalande, ndinapala mpaka mawu anafika pomwe ndinkafuna. Nditaliika pa malo a lilime long'ambika lija, kiyi yakufa ija inalira. Limba silinalirenso lokha. Kwa nthawi yoyamba chichokereni kusukulu ndinadziona ngati munthu.

Ndinalinyamula ndekha kukwera nalo masitepe. Mayi wokalambayo anali wamng'ono thupi, atavala nsalu yoyera, ndipo Chinyanja sankachilankhula. Anakhala pansi, limba patsogolo. Makiyi sanawakhudze. Anayamba ndi kukoka kamutu kaja n'kupopa. Munangotuluka mphepo. Anakakankha, anakakokanso. Mphepo. Analankhula ndi mwana wake m'chilankhulo chawo.

"Mawu apansi ali kuti?" mwini sitolo anandifunsa.

"Ndachotsa, bwana. Amalira okha."

"Amalira okha! Ndiye ntchito yake imeneyo! Amayi amaimba atatsamira pa mawu amenewo kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Popanda iwo sangayambe nkomwe pemphero. Wachita chiyani iwe?"

Akanandiuza ndani? Ine ndinakulira m'nyimbo za kwaya. Palibe anandilowetsapo m'nyumba imeneyo kuti ndimve momwe amapempherera.

Mayiyo ananditembenukira, n'kutseka milomo, n'kuimba mawu omwe ankawafunawo kuti ndimve. Mmmm. Anali mawu omwe aja abambo ankabuula pabedi.

"Mabelo alowa Loweruka," anatero mwini sitolo. "Tenga limbali uzipita."

Mkuwa ukaupala subwerera. Lilime lija linali litasanduka la kiyi, basi. Pankafunika lina. Ndinazungulira masitolo a amwenye onse a mu Limbe. Wina anati zimenezo zimachokera kwawo pa chombo, ndidikire mvula ithe. Wina anandithamangitsa poganiza kuti ndikufuna kuba. Ndinayenda wapansi mpaka ku Blantyre, ku sitolo ina ya azungu yogulitsa magalamafoni, komwe ife ankatigulitsira pa windo la kumbali. Kalaliki wake, munthu wakuda ngati ine, atavala tayi, anati, "Achimwene, lilime? Pitani ku butchala." Anzake anaseka. Ndinapitanso ku Naperi, ku tchalitchi komwe ndinkadziwa kuti kuli limba lakufa m'chipinda cha matsache. Mkulu wa mpingo anandimvetsera bwinobwino.

"Katundu wa mpingo sachoka popanda msonkhano," anatero. "Koma bambo ako tikuwapempherera, mwananga."

"Muziwapempherera ali mu ngalande," ndinayankha. Ananditsekera chitseko.

Nditabwerera ndinapeza amayi atamanga kale mapoto mu nsalu. Ndinakhala pansi, mapazi akutentha, maso anga n'kugwera pa kalimba ka abambo kumiyendo kwa bedi. Amayi anaona komwe ndikuyang'ana.

"Ayi," anatero. "Kameneko ayi. Watsala nacho chiyani munthuyu?"

"Ndiye tikakaika pati, amayi? Pa lole?"

Ndinatsegula kumbuyo kwa kalimbako. Ndinkadikira kuti bedi limenyedwe. Silinamenyedwe. Nditacheuka, abambo anali akundiyang'ana, malovu akutsika pachibwano. Anakoka mpweya n'kuyamba. Mmmm.

Ndinakhudza malilime apansi limodzi limodzi ndi nsonga ya mpeni, khutu lili pafupi. Lomwe linayandikira mawu a abambo linali lokwera pang'ono. Ndinalisolola. Pa malo ake m'limba la mayi uja silinakwane, ndinachita kusema thabwa n'kutchinga m'mbali ndi chikopa kuti mpweya usathawe. Kenako ndinayamba kupala kutsinde. Kupala pang'ono, kumanga, kupopa, kumvetsera abambo, kumasula. Mpweya wawo unali waufupi. Ankatsokomola, amayi n'kuwapukuta, ine n'kudikira ndi tupa m'manja. Ndikanapitirira muyeso, lilime lina lofanana nalo munalibemo.

Mawu awiriwo, a limba ndi a abambo, ankayamba ngati akukangana, akugwedezana m'mwamba. Ndikapala, kugwedezanako kunkachepa. Kenako ndinapopa ndipo sindinathenso kusiyanitsa kuti a limba ndi ati. Abambo anasiya kubuula n'kutseka maso. Ndinaika tupa pansi.

Mayi wokalamba uja anakoka kamutu kaja n'kupopa. Mawu anatuluka n'kukhazikika. Anakwinya nkhope, anapendeketsa mutu, anamvetsera nthawi yaitali moti ndinayamba kuganiza za lole. Kenako anaika zala pa makiyi n'kuyamba kuimba, ine atandiiwala.

Mwini sitolo ananditulutsira pa masitepe. "Akuti likulira ngati la ku tchalitchi kwanu. Koma akuti mawu apansi aja ndi omwewo."

"Nanga chipinda, bwana?"

"Khalani. Koma mabelo sangagone pamvula. Mugawana."

Tinagawanadi. Mabelo anadzaza mbali ya windo mpaka kudenga, m'chipinda munada, fungo la nsalu zatsopano linkawatsokomoletsa abambo. Ine ndinkagona pamwamba pa mabelowo, mphuno ili pa malata. Amayi anamasula mapoto awo.

Lamulungu masana amayi anagwadanso pa zopondera, m'kampata komwe kanatsala. Abambo anayamba nyimbo yawo ndi dzanja lamanzere. Atafika pa kiyi yomwe ndinaichotsa lilime ija panangotuluka mphepo. Anaisindikizanso. Mphepo. Anaima pang'ono, chala chili pomwepo, kenako anabuula mawuwo ndi pakamwa pawo n'kupitiriza nyimbo. Nyimboyo imabwerera pa kiyi imeneyo kawirikawiri. Ndinatsika pa mabelo n'kupita kukakhala pansi ku siteshoni ya sitima.